Tim Duncan sanataye nthawi ku Wake Forest

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri m'funso limodzi. Choyamba, n'chifukwa chiyani ife amvulazakale timakakamira kuti Tim Duncan ndiye power forward (mmodzi mwa osewera awiri aataliatali oima pafupi ndi ring'i) woposa onse pa basketball pomwe mavidiyo ake pa YouTube amakugonetsani tulo. Chachiwiri, ngati sanataye nthawi pokhala zaka zinayi ku koleji anzake akuthamangira ku NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, kukatola ndalama. Ndiyamba ndi chachiwiricho, chifukwa mukachimvetsa, choyambacho chidziyankha chokha.

Munthuyu sanakule ndi basketball. Anabadwa mu 1976 pa chilumba cha St. Croix, ku US Virgin Islands, ndipo masewera a pakhomo pawo anali osambira. Mchemwali wake Tricia anakapikisana nawo ku Olympics ku Seoul mu 1988, Tim nayenso ankalondola mapazi omwewo. Mu 1989 namondwe wotchedwa Hugo anawononga dziwe lalikulu limene ankaphunziriramo, timu yawo n'kuyamba kukasambira m'nyanja, koma mnyamatayo ankaopa nsomba za shaki. Chaka chotsatira mayi ake anamwalira ndi khansa ya m'mawere, kutatsala tsiku limodzi kuti iye akwanitse zaka 14. Asanatisiye anapempha ana awo kuti alonjeze kudzamaliza maphunziro mpaka kutenga digiri. Kusambira kunathera pomwepo. Amene anamupatsa mpira m'manja ndi mlamu wake, Ricky Lowery, ndipo nambala 21 imene Duncan anavala moyo wake wonse inali ya mlamuyo.

Ndiye taganizani. Anzake a ku America anali atayamba kudunditsa mpira asanalowe sitandade 1, iye akuyamba ali ndi zaka 14, pa chilumba chimene makochi a makoleji akuluakulu sankapondako. Dave Odom, kochi wa yunivesite ya Wake Forest ku North Carolina, anachita kumva kwa wosewera wake wakale, Chris King, kuti kuli kamnyamata kataliatali kamene kanalimbana ndi wosewera wotchuka Alonzo Mourning osachita mantha. Odom anakwera ndege kukadzionera. Duncan anafika ku Wake Forest mu 1993 ali ndi zaka 17, ndipo gemu yake yoyamba anaimaliza opanda pointi ngakhale imodzi.

Onani tsono mmene ankakwerera. Chaka choyamba ankagoletsa mapointi 9.8 pa gemu, chachiwiri 16.8, chachitatu 19.1, chomaliza 20.8 kuphatikizapo ma rebound (kutola mpira wophonya ring'i) 14.7. Si munthu amene anafika atapsa kale n'kumangodikira nthawi. Chaka chilichonse ankaonjezerapo kena kake: kaimidwe ka mapazi akalandira mpira atafulatira ring'i, kupatsira akamutsekera anthu awiri, kudziwa nthawi yodumpha ndi yongoimika manja. Mu 1995 Wake Forest inatenga chikho cha ACC, ligi ya makoleji a m'chigawo chawo, koyamba chichokereni 1962, itagonjetsa North Carolina ya Rasheed Wallace ndi Jerry Stackhouse. Kunena chilungamo, ngwazi ya mpikisano umenewo anali Randolph Childress, amene anagoletsa mapointi 107 m'magemu atatu. Koma Childress atachoka, Duncan anaisenza timu n'kukatenganso chikhocho mu 1996. Chikho cha NCAA, cha makoleji a dziko lonse, sanachigwire. Patali pamene anafika ndi mu 1996, pomwe Kentucky inawatulutsa atatsala matimu asanu ndi atatu. Anachoka ndi ma block (kutchinga mpira woponyedwa ku ring'i) 481, mphoto za Naismith ndi Wooden za wosewera wabwino koposa mu 1997, komanso digiri ya psychology ija analonjeza amake.

Za ndalama mwanenazi zili ndi mbali yoona. Mu 1995, Jerry West, yemwe ankayendetsa Lakers ndipo diso lake silinkaphonya, ananena kuti Duncan akanatha kusankhidwa woyamba pa draft ya chaka chimenecho, mwambo umene matimu a NBA amasankhirapo osewera atsopano. Wallace, Stackhouse ndi Joe Smith onse anachoka atangophunzira zaka ziwiri, Kevin Garnett anadumpha koleji yonse. Choncho malipiro a zaka ziwiri anawasiyadi, ndipo akanathyoka bondo mu 1996 lero bwenzi tikunena zina. Sindingauze mnyamata aliyense kuti atengere zimenezi. Koma kumbukiraninso kuti kuyambira 1995 NBA inaika malire pa malipiro a osewera atsopano. Zija za Glenn Robinson, amene mu 1994 anasainira madola 68 miliyoni asanasewereko n'komwe, zinali zitatsekedwa. Ndiponso akanachoka mu 1995, woyamba kusankha anali Golden State. Mu 1996 anali Philadelphia. Matimu onse awiri anali m'mavuto aakulu nthawi imeneyo. Podikira anagwera m'manja mwa San Antonio Spurs.

Apa pali mwayi, ndisakunamizeni. Spurs sinali timu yofooka. Sizoni ya 1996–97 katswiri wawo David Robinson anasewera magemu 6 okha chifukwa cha msana ndi phazi lothyoka, timu n'kupambana 20 kugonja 62. Gregg Popovich, amene anali bwana wa ku ofesi, anachotsa kochi Bob Hill n'kudziika yekha pa mpandowo. Boston Celtics ndiyo inali ndi mwayi waukulu pa maere a draft, koma maere anagwera Spurs. Robinson anachira, n'kupeza mnzake wa mamita 2.11 amene sankafunika kuphunzitsidwa a e i o u. Sizoni yoyamba Duncan anagoletsa 21.1 pa gemu ndi ma rebound 11.9, analowa mu timu yoyamba ya All-NBA, ya osewera asanu opambana m'ligi yonse, ali mlendo, ndipo Spurs inachoka pa 20 kufika pa 56. Sizoni yachiwiri, ya 1999 ija inafupikitsidwa chifukwa cha mkangano wa malipiro, anagonjetsa New York Knicks 4–1, iye n'kukhala MVP (wosewera wopambana onse) wa fainolo ali ndi zaka 23. Zaka zinayi za ku Wake Forest zinabweza ngongole yake pomwepo.

Tsono za tulo mukunenazi. N'zoona, munthu amene chida chake chachikulu ndi kumenyetsa mpira pa bolodi kuti ugwere mu ring'i sangakupatseni kavidiyo ka masekondi khumi kotumizirana pa WhatsApp. Dzina lake lomunyadira linali The Big Fundamental, kutanthauza kuti katswiri wa zinthu zija amaphunzitsa tsiku loyamba. Nkhope yake inali imodzimodzi, agoletse kapena aphonye. Pamene ankasinthako ndi woimbira akamuimbira faulo: maso tong'oo, manja m'mwamba, ngati munthu amene wamunamizira kuba nkhuku. Mu 2007 woimbira Joey Crawford anamutulutsa m'bwalo chifukwa choseka ali pa benchi, mpaka ligi inaimitsa ntchito Crawford yemweyo. Ngati mukufuna mikangano ya Duncan, yaikulu ndi imeneyo basi.

Koma yang'anani gemu 6 ya fainolo ya 2003 ndi New Jersey Nets: mapointi 21, ma rebound 20, ma assist (kupatsira mnzake n'kugoletsa) 10, ma block 8. Timu ya chaka chimenecho siinali ya akatswiri ayi. Robinson anali m'sizoni yake yomaliza, Tony Parker anali mwana wa zaka 21 amene nthawi zina ankakhazikidwa pa benchi gemu ikavuta, Manu Ginóbili anali m'chaka chake choyamba. Panjira anatulutsa Lakers ya Shaquille O'Neal ndi Kobe Bryant, imene inali itatenga chikho zaka zitatu zotsatizana. Kwa ine chaka chimenechi ndicho chimathetsa mkangano ndi Karl Malone, Charles Barkley, Garnett kapena Dirk Nowitzki. Malone anagoletsa mapointi ambiri kuposa Duncan, Nowitzki ankaponya bwino chapatali, Garnett ankathamanga bwalo lonse ngati nyalugwe. Koma Malone ndi Barkley alibe chikho, Garnett ndi Nowitzki ali ndi chimodzi chimodzi. Duncan ali nazo zisanu: 1999, 2003, 2005, 2007 ndi 2014. MVP wa ligi kawiri, wa fainolo katatu.

Wina pano abwera ndithu kudzanena kuti Duncan anali center, wosewera woima pansi pa ring'i, osati forward. Ali ndi kamfundo. Robinson atapuma, nthawi zambiri ntchito ya pansi pa ring'i inali ya Duncan, makamaka chakumapeto. Koma zaka zake zamphamvu kwambiri anasewera pambali pa center wina, poyamba Robinson, kenako a Rasho Nesterović, Nazr Mohammed ndi Fabricio Oberto, ndipo usiku ndi usiku ankalimbana ndi a Garnett, Chris Webber ndi Rasheed Wallace. Mukamuika pa ma center, akhalabe pagome limodzi ndi Hakeem Olajuwon ndi Shaq. Sizimuchotsera kanthu.

Chimene sichioneka m'manambala ndi ichi. Popovich anali kochi wakupsa mtima, ndipo ankamukalipira Duncan pamaso pa anzake ngati mwana wa chaka choyamba. Duncan ankangomvera. Ndiye ngati katswiri wamkulu wa timu akudzudzulidwa n'kukhala chete, iwe Parker wosankhidwa pa nambala 28 kapena Ginóbili wa pa nambala 57 ungatukule mapewa? Mpira utayamba kudutsa kwambiri mwa awiriwa, iye anabwerera m'mbuyo popanda kudandaula, moti MVP wa fainolo ya 2007 anali Parker, wa 2014 Kawhi Leonard. Mu 2012 anavomera kuti malipiro ake atsike pafupifupi ndi theka kuti timu ithe kusunga ena. Ine ndimati khalidwe limeneli analitenga poyamba mochedwa: munthu amene anafika ku koleji akudziwa kuti ambiri amuposa, anazolowera kuphunzitsidwa, ndipo sanasiye ngakhale atalemera. Anatsala pang'ono kupita ku Orlando mu 2000, koma anabwerera, n'kumaliza masizoni 19 onse ndi timu imodzi ndi kochi mmodzi. M'zaka zonsezo Spurs sinaphonyepo ma playoffs, ndime yochotsana yolimbirana chikho.

Fainolo ya 2013 ndi Miami Heat ndimaikumbukira chifukwa ndinadzuka 3 koloko usiku kukaonera gemu 6, mawa lake kuli ntchito. Duncan, ali ndi zaka 37, anagoletsa 25 m'chigawo choyamba chokha. Kutatsala masekondi 28 Spurs inkatsogola ndi mapointi asanu, ogwira ntchito m'bwalo la Miami atayamba kale kukonzekera mwambo wa chikho. Popovich anamutulutsa Duncan pofuna anthu othamanga otchinga oponya chapatali, ndipo kawiri konse Miami inaphonya n'kutolanso mpira wake. Wachiwiriwo Chris Bosh anaupereka kwa Ray Allen pakona, iye n'kugoletsa mapointi atatu ofananitsa, Miami n'kudzapambana mu nthawi yoonjezera. Mpaka lero ndimati Popovich analakwitsa. Mu gemu 7 Duncan anaphonya mpira wapafupi pamaso pa Shane Battier, umene ukanafananitsa mapointi, ndipo pobwerera anamenya pansi ndi dzanja. Kanali koyamba kumuona mtima ukutulukira kunja, ndipo chikho chinapita ku Miami. Chaka chotsatira anakumananso ndi Miami yomweyo ya LeBron James n'kuithambitsa 4–1.

Anapuma mu July 2016 ndi mapointi 26,496, ma rebound 15,091 ndi ma block 3,020. Panalibe ulendo wotsanzikana m'mabwalo monga anachitira Kobe chaka chomwecho; timu inangotulutsa chikalata. Anasankhidwa ka 15 mu timu ya otchinga bwino, koma mphoto ya wotchinga woposa onse m'sizoni sanailandirepo, chinthu chimene chimandinyansabe.

Pempho langa achimwene: siyani timavidiyo tofupikitsa, mugule bandulo yokwanira muonere gemu 6 ya 2003 yonse. Musamatsate mpira, muzimuyang'ana iyeyo. Muone pamene waima mnzake akadutsidwa, ndipo akatchinga mpira muone kumene ukugwera. Ambiri amaumenyera kwa oonerera kuti anthu akuwe, mpira n'kubwereranso kwa adani. Duncan ankangoukhudza pang'ono kuti ugwere chapafupi, autole yekha kapena mnzake, Spurs n'kuyamba kuthamangira mbali inayo. Mukatha mubwere tidzapitirize, okonda Garnett akonzekeretu mfundo zawo.