DAC ikungotulutsa phokoso? Yambani ndi PCM

Achimwene, mwati mwagula ka DAC, kachipangizo kosintha mawu a digito kukhala a analogi, kuti mawu a TV azituluka pa ampulifaya yanu yakale, koma mukalumikiza mukungomva phokoso lokhalokha, nthawi zina zii. Musathamangire kukabweza, kawirikawiri kachipangizoko kamakhala kabwinobwino.

Lowani mu Settings za TV, pa Sound, mupeze Digital Audio Output. Ngati ili pa Auto, Bitstream kapena Dolby Digital, isintheni ikhale PCM, yomwe ndi mawu a digito osapanikizidwa. Ma DAC ang'onoang'onowa, monga FiiO D03K, amadziwa PCM ya masipika awiri basi. Dolby Digital ndi mawu opanikizidwa ofuna chipangizo chowamasula kaye, ndiye DAC ikawalandira osamasulidwa imalavula phokoso mukumvalo. Ine ndikukhulupirira kuti vuto lanu lagona pamenepa.

Onaninso chingwe cha optical, chotenga mawu pa TV kupita ku DAC. Chotsani tizivindikiro tapulasitiki kunsonga zake, ndipo TV ikayaka muone kuwala kofiira kumapeto kwake. Musachipinde kwambiri.

Zingwe za RCA zochokera ku DAC, chofiira ndi choyera, zilowe pa AUX kapena CD pa ampulifaya. Pa Phono ayi ndithu: khomo limenelo ndi la galamafoni, limakweza mawu mopitirira muyeso mpaka amasweka.

DAC imafuna magetsi a 5V. USB ya TV imakwanitsa, koma mukamva kung'ung'uza yesani chaja ya foni.

Pa ma TV ambiri rimoti sitsitsa mawu otuluka pa optical, choncho tsitsiranitu voliyumu ya ampulifaya musanayatse, kuopa kuwononga masipika.