Khisimasi ya zopanga tokha pamene ana ali ang'onoang'ono

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo. Ali ndi ana atatu, wa zaka 6, wa zaka 4, wina wa kubere. Akufuna Khisimasi ngati ya kwa agogo awo, thobwa lophika okha, mandasi, keke ya pa mbaula, madiresi osoka okha, koma chaka chatha atayesa zinathera mkangano ndi abambo akunyumba, ana atakalipidwa tsiku lonse. Ndiye akufunsa, angogula zonse ku shopu kapena alimbe mtima?

Asisi, ndikukumvetsani kwambiri, mukufuna ana anu amve kafungo kamene munkamva inu muli mwana. Koma kwa agogo kuja manja anali ambiri, wina akusosola nkhuku, wina akupeta mpunga, azakhali ali pa mphika wa thobwa, ana ali ndi asuweni awo uko pansi pa mtengo wa mango. Inuyo mukufuna kusenza nokha ntchito ya anthu asanu mwana ali kumsana, mvula ya Disembala ikukhuthuka, makala anyowa, magetsi athima.

Ine zinandichitikira. Mwana wanga ali ndi zaka 4 anagwetsa mazira a keke pa 25 m'mawa, amati andithandize. Ndinamukalipira mpaka anakabisala kuseri kwa chitseko ali mu kadiresi kake katsopano, phazi lili dzira lokhalokha. Keke inapsa bwino koma iye sanaidye, mpaka lero ndikakumbuka mtima umandipweteka.

Ndiye sankhani chimodzi basi chopanga nokha, ndipo ine ndingati thobwa chifukwa silipikisana ndi tsikulo. Chimera gulani pa msika. Pa 23 madzulo phikani phala la mgaiwa, likazizirako kuti chala chitha kupirira thirani chimera, vundikirani ligone, m'mawa muliwiritsenso kenako shuga. Wa zaka 6 uja atha kuthira chimera ndi kutakasa mphika uli pansi kutali ndi moto, wa zaka 4 mpatseni udindo wolawa shuga, muona mmene azikauzira alendo kuti thobwali taphika ndife.

Mandasi ngati mtima ukukana kuwasiya, ana akande nawo ufa, koma mafuta akangokhala pa moto atuluke ndi abambo awo, mafuta otentha ndi mwana wokwawa ayi ndithu. Madiresi asiyeni, kusoka usiku mukuyamwitsa ndi kumene kumabweretsa ukali wa m'mawa, ndipo atelala nawo Disembala amakhala atadzaza kale. Pa kaunjika mupeza zabwino, nsalu yanuyo idzasokedwa pa Pasaka.

Abambowo musadikire kuti aone okha kuti mwatopa. Khalani nawo pansi kudakali sabata, muwauze mosazungulira kuti nkhuku kupha ndi kusosola ndi yawo, ana kuyambira pobwera ku tchalitchi mpaka nkhomaliro ndi awo. Apongozi ngati akubwera ndipo mukuopa kuti anena za keke yogula, apempheni mwaulemu adzaphike chigumu chawo, ambiri amakondwa akapatsidwa mbali.

Kwathu chaka chino ndi mpunga wa Kilombero, nkhuku ya lokolo ndi thobwa. Sobo ndagula kale, wolawa shuga ndi yemwe uja anagwetsa mazira.