Magalasi a polarized: pa madzi inde, m'ndege ayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wa ku Mufakose, muno mu Harare, amene wayamba kuphunzira kuyendetsa ndege pa bwalo la Charles Prince ku Mount Hampden. Loweruka amapitanso ndi anzake kokawombera chandamale. Akufunsa kuti: "Kodi magalasi oteteza maso a owombera mfuti ndi a oyendetsa ndege amakhala polarized? Ndikufuna ndigule amodzi ogwira ntchito zonse ziwiri."

Achimwene, a owombera ena amakhala, ena ayi. Koma a m'ndege enieni nthawi zambiri sakhala, ndipo n'zadala.

Dzuwa likawomba pa madzi kapena pa tala wonyowa, kuwala kumabwerera kutagona chopingasa, ndiko kuja kumathobwa m'maso. Galasi la polarized lili ndi kansalu kopyapyala m'kati kamene kamatsekereza kuwala kogonako. N'chifukwa chake oweza nsomba pa nyanja ya Chivero amawakonda: kunyezimira kwa pamwamba kumazimiririka, munthu n'kumaona za pansi.

M'ndege, ubwino womwewo ndiwo umasanduka vuto. Masikirini a LCD amene amakuonetsani liwiro, kutalika ndi njira, nawonso amatulutsa kuwala koyenda mbali imodzi. Mukangopendeketsa mutu pang'ono, sikirini ija bii! Manambala osaonekanso, pamenepo mukutsetserekera pa bwalo. Galasi lakutsogolo la ndege nalonso limatha kuoneka mawangamawanga ngati utawaleza. Koma chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi ichi: ndege ina ikakhala patali, kawirikawiri chimene chimayamba kukudziwitsani ndi kung'anima kwa dzuwa pa phiko lake. Magalasi a polarized amameza kung'animako. Pa bwalo la ophunzira, pomwe tindege timazungulira motsatana, simungafune kutaya chizindikiro chimenecho. Bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, limalangiza oyendetsa ndege kuti asavale a polarized. Limati abwino ndi otuwa, olowetsa kuwala pakati pa 15 ndi 30 peresenti.

Kowombera nkhani ndi ina. Kumeneko mdani wa diso si dzuwa kwenikweni, koma kachitsulo kotentha kamene mfuti imalavula, ndi tizidutswa tothetheka kuchokera pa chandamale. Funsani za kulimba. Galasi likhale la polycarbonate, pulasitiki yolimba yosasweka msanga, ndipo pa mwendo wake pakhale podindidwa Z87+, muyezo wa ku America, kapena EN 166 wa ku Ulaya. Achikasu ndi aolenji aja mumawaona ndi oti chandamale chioneke bwino kukakhala mitambo. Kukhala polarized kapena ayi, zimenezo ndi kukonda kwa munthu.

Chenjeraninso ndi timapepala tomata. Anyamata ogulitsa magalasi m'tauni muno amakuonetsani kapepala kolembedwa "Polarized" ngati ndiye chitetezo chonse, chonsecho mawuwa sanena kanthu za kulimba, ngakhale za UV, cheza cha dzuwa chimene chimawononga maso. Kuti mudziwe ngati amateteza ku UV, muyang'ane chizindikiro cha UV400. Harare yathuyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mukamakwera m'mwamba chezacho chimanka chikula.

Kuyesa n'kosavuta. Yatsani laputopu, ikani galasi patsogolo pa sikirini, muzilitembenuza pang'onopang'ono ngati chiwongolero. Likada n'kuyeranso, ndi la polarized. Ine ndinayesa anga amene ndimayendetsera galimoto, ndipo ndi pomwe ndinazindikira chifukwa chake manambala a wailesi ya m'galimoto ankandisowa masana.

Ndiye amodzi angakwanire zonse? Inde, mukapeza otuwa, a polycarbonate, odindidwa Z87+ ndi UV400, osakhala polarized. Pokagula mutenge mahedifoni anu a m'ndege muwayesere pomwepo. Miyendo ya magalasi ikakhala yonenepa imatukula khushoni ya pakhutu, phokoso la injini n'kumalowa, ndipo pakatha ola limodzi mutu umakhala ukuwawa m'mbali mwa makutumu. Musanalipire, awonetseninso aphunzitsi anu.