Kujambula kwaya ndi Linux ya pa fulashi: tizinena bwanji?

Mayi wina wa ku Kawale, mlembi wa kwaya ya pampingo pawo, wafunsa kuti: "Mdzukulu wanga amabwera ndi laputopu yakale, fulashi ndi maiki imodzi pamene tikuimba. M'lipoti la komiti ndilembe kuti tinatepa kapena tinajambula?"

Lembani kuti munajambula, mayi. Kutepa kunabwera ndi makaseti, ndipo pocheza palibe angakudzudzuleni, koma m'lipoti sikukhala bwino. Chenjerani chabe kuti timajambulanso zithunzi ndi kanema. "Tinajambula nyimbo zinayi" zamveka. Mukangoti "tinajambula kwaya", akomiti adzafunsa kuti zithunzizo zili kuti.

Bambo wina wa ku Area 25 akuphunzitsa achinyamata ntchito yomweyi yojambula nyimbo ndi Linux ya pa fulashi (Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta, monga Windows), ndipo akufuna mawu a Chichewa a "boot". Anyamata okonza makompyuta mtauni amati kubuta, ndipo amamvana. Kwa munthu woyamba kumene, ine ndinganene kuti kuyatsa kompyuta kudzera pa fulashi, chifukwa ndi zimene zimachitikadi. Mumatenga Ubuntu Studio, mtundu wa Linux wokhala ndi mapulogalamu ojambulira mawu, pa intaneti, n'kuilemba pa fulashi ndi pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher. Poyatsa laputopu mumadina batani la F12 ngati ndi Dell, F9 ngati ndi HP, n'kusankha fulashiyo. Windows ya mwini laputopu siikhudzidwa. N'chifukwa chake, bambo, musawauze ophunzirawo kuti "taika Linux m'kompyuta". Kuika ndi ntchito ina, imene ingathe kufufuta zonse za eni ake, ndipo mwana womva molakwika akhoza kudina pamene simunafune.

Pali aneni ena awiri amene ndikupemphani muwalekanitse msanga: kujambula ndi kusunga. Kompyuta yoyaka kudzera pa fulashi imagwira zinthu kwa kanthawi chabe, pokhapokha fulashiyo itakonzedwa kuti izikumbukira. Batire likatha, nyimbo imene kwaya yaibwereza mpaka mawu kusasa yapita. Muziwafunsa kuti "wasunga?" osati "wajambula?", ndipo azisunga ngati WAV (mtundu wa fayilo ya mawu) pa fulashi yachiwiri.

Funso lachitatu ndi lovutirapo: kodi "open-source" ndi "yaulere"? Ambiri amalemba choncho, koma ulere umakamba za ndalama basi. Audacity, pulogalamu yojambulira mawu imene inatuluka mu 2000, ndi yaulere ndithu. Ardour, inzake yojambulira mawu, nayo ndi open-source, komabe mukafuna yokonzeratu kuchokera kwa eni ake mumalipirako kangachepe, pamene mu Ubuntu Studio imabwera kale osapereka kanthu. Ndiye mawu awiriwa si amodzi. Ine ndimakonda "pulogalamu yotseguka", ndipo poyamba pamafunika kufotokoza kuti ndi imene aliyense angaone mmene anailembera mkati, kuisintha ndi kugawira anzake popanda kuba. (Dzina lakuti Ubuntu, limene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anapatsa Linux yake mu 2004, ndi umunthu wathu womwewu.)

Wina wafunsanso ngati timati "Linux wanga" kapena "Linux yanga". Mawu ambiri obwereka a zipangizo amatsata gulu la nyumba ndi mbale: kompyuta yanga, fulashi yatha, laputopu yazima. Choncho Linux yanga. Linus Torvalds, amene anaiyambitsa ku Helsinki mu 1991, ndiye yekha wotenga "wa".