Funsani za Mpira: Kodi Baxter anamenyako mpira?

FUNSO: Zikomo akulu a tsamba lino. Ine ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni, ntchito yanga ndi yometa, ndiye Loweruka lapitali mu saluni munabuka mkangano wa Stuart Baxter uja anali kochi wa Kaizer Chiefs. Mnyamata wina wa Pirates akuti mzungu ameneyu sanamenyeko mpira wanzeru olo pang'ono, ntchito ankangoipeza chifukwa ndi wa ku England basi. Ine ndi wa Chiefs koma ndinasowa chomuyankha. Tatiuzeni anasewera kuti, nanga ukochi wake unali wotani? Wowerenga wa ku Rosettenville.

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo wanena zoona mbali imodzi yokha. Baxter sanali katswiri wotchuka ayi. Anabadwa mu 1953 ku Wolverhampton, bambo ake a Bill Baxter nawonso ankamenya mpira ku Wolves ndi Aston Villa, iye anasewera ku Preston North End ndi Stockport County, matimu a m'munsi, kenako anatuluka kukasaka kwina, ku Sweden anasewera Landskrona, Helsingborg ndi Örebro, anafikanso ku Australia ndi ku America. Timu ya dziko la England sanaisewereko.

Koma zoti ntchito ankapatsidwa chifukwa cha khungu ndiye ndikukana. Munthuyu ukochi anauyambira ku Sweden komweko m'ma 1980, kutali ndi kwawo komwe dzina la bambo ake silikanamuthandiza kanthu, ndipo mu 1994 anatenga gawo loyamba la J.League ku Japan ndi Sanfrecce Hiroshima, mu 1998 anatenga ligi ya Sweden ndi AIK mpaka kuilowetsa mu Champions League chaka chotsatira. Kuphunzitsa anyamata oti chilankhulo chawo sukuchimva, chakudya china, nyengo ina, inu amene munasiya kwanu kudzasaka rand kuno mukudziwa kuti sizophweka zimenezo.

Ku Naturena, likulu la Chiefs, anafika mu 2012 Chiefs itakhala zaka zambiri osanunkha ligi, komaliza inali 2005 nthawi ya Ted Dumitru, m'masiku a Patrick Mabedi wathu uja. Sizoni yoyamba yomweyo anatenga ligi ndi Nedbank Cup. Mu 2014/15 anayamba ndi chikho cha MTN8 n'kutenganso ligi ndi mapointi 69, magemu 30 analuza atatu okha. Amene munkapita ku sitediyamu ya FNB mukukumbukira mmene ankamenyera, Khune pagolo, Mashamaite ndi Mathoho kumbuyo osadutsa munthu, Katsande akuphwanya pakati, akangolanda mpira Letsholonyane waponya kale kwa Tshabalala kapena Parker, mapasi atatu chigoli. Ena ankati ndi mpira wosakoma, ine ndimati timu imadziwa chochita aliyense pamalo pake, ndipo zimenezo ndi ntchito ya kochi. Atapita ku SuperSport United anatenganso Nedbank Cup mu 2016 ndi 2017.

Bafana, timu ya dziko la South Africa, anaiphunzitsa kawiri, 2004 mpaka 2005 ndiye 2017 mpaka 2019, World Cup sanaifike ulendo wonse uwiri, apo mnzanuyo akhoza kukugwirani. Koma mumukumbutse za Africa Cup of Nations ku Cairo mu 2019, Egypt ya Mohamed Salah ili pakhomo pawo sitediyamu yodzadza, Bafana inawatulutsa 1-0 ndipo anagoletsa ndi Thembinkosi Lorch amene panthawiyo anali wa Pirates yawo yomweyo. Nigeria ndi imene inadzawathira 2-1 mu kota fainolo.

Chomwe chimandiwawa ine ndi kubwerera kwake ku Chiefs mu 2021. Anakakamira akuluakulu omwe aja pomwe masapota ankalira kuti achinyamata ngati Nkosingiphile Ngcobo azipatsidwa mpata, mpira unalibe moto, anthu anayamba kumukuwa pa sitediyamu, ndiye mu April 2022 anasiyana sizoni isanathe n'komwe, opanda chikho chilichonse, timu inatsala m'manja mwa Arthur Zwane ndi Dillon Sheppard.