Yankho kwa mayi wa ku Leeds: pub yakale ndi pub ya nyimbo si chinthu chimodzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito ya unamwino ku Leeds, ku England. Iwo ndi amuna awo apeza tchuthi cha masiku asanu ndipo akufuna kuwoloka nyanja akaone Ireland. Funso lawo, nditalifupikitsa, ndi ili: "Tikufuna tikamve nyimbo za makolo a ku Ireland m'ma pub akalekale aja timaona pa YouTube. Aliyense akungotiuza za Temple Bar. Kodi n'kumenekodi? Komanso ine sindimwa mowa, ndine wa Mvano. Kodi sindikasowa pokhala?"

Amayi, zikomo polemba. Kokani mpando, pakuti nkhaniyi ndi yaitali.

Mwamanga zinthu ziwiri mtolo umodzi, ndiye ndiyambe ndamasula. Pub ndi nyumba yomweramo ndi kuchezeramo, ndipo ku Ireland kuli ma pub akale, kulinso ma pub a nyimbo. Nthawi zina zimakumana pansi pa denga limodzi, koma kawirikawiri ayi. Nyimbozo n'zakale ndithu, koma kuziimbira mu pub ndi mwambo wa dzulodzulo. Kale anthu ankaimba ndi kuvina m'makhitchini a m'midzi, kapena pa mphambano za misewu nthawi yotentha. Mu 1935 boma linakhazikitsa lamulo lakuti dansi ya anthu ambiri izikhala ndi chiphaso, ansembe ambiri analivomera, ndipo magule a m'nyumba anayamba kuzilala. Kenaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anyamata ambiri anapita ku London kukagwira ntchito za zomangamanga. Ankagona m'tizipinda ta lendi momwe munthu sukanatulutsa vayolini usiku osakangana ndi mwini nyumba. Ndiye ankakumana m'ma pub a ku Camden Town n'kumaimbirana. Mwambowo unabwerera kwawo pambuyo pake. Inu amene mukudziwa moyo wa chipinda chimodzi kudziko la eni, nkhani imeneyi simufunika kuimasuliridwa.

Choncho chaka cholembedwa pamwamba pa chitseko chisakunyengeni. The Brazen Head ya ku Dublin, likulu la Ireland, imanena kuti inayamba mu 1198, ngakhale nyumba imene mukaione inamangidwa mu 1754 ngati malo ogona apaulendo oyenda pa ngolo za akavalo. Sean's Bar ya ku Athlone, m'mbali mwa mtsinje wa Shannon, imati ndi ya chaka cha 900. Zaka zimenezi muzikazimva ngati mmene timamvera mkulu wa m'mudzi akamati agogo ake anapha mkango ndi manja: mumagwedeza mutu mwaulemu, osafunsa umboni. Malowo ndi okongola, nyimbo zimakhalako, koma ambiri okhala pa mipando ndi alendo ngati inu nomwe.

Pub yakale imene ine ndimaikonda kwambiri ku Dublin ilibe nyimbo n'komwe. Ndi ya John Kavanagh, imene aliyense amangoitcha The Gravediggers chifukwa inatsamira khoma la manda a Glasnevin, ndipo adzukulu okumba manda ndi amene ankamwerako. Inatsegulidwa mu 1833 ndipo ikadali m'manja mwa banja lomwelo. Ku chipinda chakale kulibe wayilesi ya kanema, kuimba saloleza, mumangomva anthu akucheza. Pitaniko masana mukatha kuona manda. Ngati mukufuna kuona magalasi, matabwa osema ndi nyale za m'zaka za m'ma 1800, lowani mu The Long Hall pa South Great George's Street. M'ma pub ena otere, monga Kehoe's ndi Toners, mukaona kachipinda kotchingidwa ndi matabwa pambali pa kauntala, kokhala ndi kazenera kolandirira chakumwa. Amati snug. Kale munkakhala amayi, ansembe ndi apolisi amene sankafuna kuonedwa atagwira tambula. Mukakapeza kopanda munthu, lowani msanga, n'kosowa.

Tsopano Temple Bar. Ndi dera la mu Dublin, osati nyumba imodzi, ngakhale pali pub yofiira ya dzina lomwelo imene aliyense amajambulitsa chithunzi patsogolo pake. Dutsaniko, jambulani, muone makamu. Oimba kumeneko ndi aluso, sindikuwanyoza, koma amaimba pa maikolofoni nyimbo zomwezomwezo zimene alendo amazidziwa, ndipo tambula imodzi ya mowa imafika ma euro 10. Imeneyo ndi konsati ya alendo. Chimene inu mukufuna chimatchedwa session, ndipo maonekedwe ake ndi ena.

Session ndi anthu asanu, asanu ndi atatu, nthawi zina khumi ndi awiri, atazungulira tebulo pangodya, atayang'anana okhaokha, ena atakufulatirani. Palibe siteji, palibe masipika, palibe wolengeza. Mmodzi amayamba nyimbo, amene akuidziwa amalowa, amene sakuidziwa amaika chida pamiyendo n'kumvetsera. Nyimbo imodzi amaibwereza kawiri kapena katatu, kenaka woyambitsa uja amatukula nsidze kapena kukuwa kamodzi, onse n'kulumphira ina osapumira. Zambiri zilibe mawu, ndi nyimbo za gule, ma reel ndi ma jig. Zikatha zitatu amaima, amamwa, amacheza mphindi zingapo ngati aiwala chimene anabwerera. Alendo ambiri amaganiza kuti zatha n'kunyamuka. Musanyamuke. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zida zina muzidziwa kale: vayolini, imene iwo amati fiddle, chitoliro cha mtengo, akodiyoni, gitala, ndi banjo, imene kwathu si yachilendo. Ziwiri ndi zimene mungadabwe nazo. Bodhrán ndi ng'oma yaphwatalala ngati lichero, yokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, yoimba ndi kamtengo kakafupi. Uilleann pipes ndi zitoliro za thumba zimene munthu sauzira ndi pakamwa: amakhala pansi, amamangirira kamvukuto m'khwapa n'kumapopa ndi chigongono, ngati wosula makasu. Dzinalo likuchokera ku mawu a chi Irish otanthauza chigongono. UNESCO inaika luso limeneli pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2017. Mukaona munthu akutulutsa zimenezi m'bokosi, yimitsani mapulani ena onse a usiku umenewo.

Ku Dublin, pitani ku The Cobblestone ku Smithfield. Sitima ya mumsewu yotchedwa Luas, ya mzere wofiira, ikusiyani pafupi. Ndi ya banja la Mulligan, eni ake ndi oimba, ndipo pangodya yakutsogolo pamakhala nyimbo tsiku lililonse. Mu 2021 panabwera mapulani omanga hotela pamalopo, anthu anatuluka m'misewu ndi zida zawo zoimbira, ndipo khonsolo ya mzinda inakana mapulaniwo. Mwa zimenezi mungaone kuti si malo a alendo okha. Ndi yopanikiza, ndipo amene ali kumbuyo amacheza mokweza, choncho fikani molawirira mukhale pafupi. Ina ndi O'Donoghue's pa Merrion Row, kumene gulu la The Dubliners linayambira mu 1962 ndi anthu ngati Ronnie Drew ndi Luke Kelly. Zithunzi zawo zadzaza makoma. Loweruka usiku simungapezemo popondera, yesani pakati pa sabata.

Koma ngati muli ndi masiku asanu, musawathere onse ku Dublin. Awiri akwana. Kwerani sitima pa siteshoni ya Heuston, pakatha maola awiri ndi theka muli ku Galway, kumadzulo. Kumeneko Tigh Cóilí ndi Taaffes zili pakati pa tauni ndipo zimakhala ndi nyimbo ngakhale madzulo dzuwa lisanalowe, pamene The Crane Bar ili kutsidya kwa mtsinje, pa Sea Road. Kuchoka ku Galway, basi nambala 350 ikufikitsani ku Doolin, m'boma la Clare, pafupi ndi maphompho otchuka a Cliffs of Moher. Doolin ndi kamudzi kakang'ono, koma dzina lake linafika kutali chifukwa cha abale atatu a banja la Russell, makamaka Micho, mlimi woimba kachitoliro ka chitini, amene anamwalira mu 1994. Ma pub odziwika ndi atatu: Gus O'Connor's, ya mu 1832, McGann's ndi McDermott's. Chilimwe mabasi a alendo amadzaza, komabe nyimbo za ku Clare zili ndi kayendedwe kake kodekha kamene ine sindinakamve kwina. Sankhani imodzi mukhazikike. Ndaona anthu akuthamanga pakati pa zitatuzi usiku umodzi, kulikonse n'kumafika oimba ali pa kapumulo. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu?

Ulemu wa pa session ndinauphunzira mochititsa manyazi. Ulendo wanga woyamba, mu pub ina ya m'tauni yaing'ono ku Clare, ndinafika cha m'ma 8 koloko ndikupeza ngodya yabwino, pafupi ndi moto, yopanda munthu. Ndinati lero ndalowa m'dzanja lamanja. Patapita ola limodzi kunabwera nkhalamba yonyamula kabokosi, inaima pambali panga osanena kanthu, inangoyang'ana denga. Kunabweranso wina. Mayi wa pa kauntala ndi amene anandinong'oneza kuti ndakhala pa mipando ya oimba. Palibe chikwangwani, aliyense amangodziwa. Ndiye mukalowa funsani kuti oimba amakhala pati, inu mukhale tebulo lotsatira.

Zina n'zazing'ono. Ife tinazolowera kuti ng'oma ikalira manja amayankha, koma kumeneko kuwomba m'manja motsatira nyimbo kumasokoneza oimba, chifukwa alibe masipika ndipo amamverana okhaokha. Gwedezani phazi, muwombe m'manja akamaliza. Musaike tambula pa tebulo lawo pali zida. Musanajambule vidiyo, kumanani maso ndi mmodzi wa iwo avomere. Ndipo pali nthawi imene wina, mwina gogo amene anangokhala chete usiku wonse, amatsinzina n'kuyamba kuimba yekha popanda chida chilichonse. Kuimba kumeneko, makamaka kukakhala m'chi Irish, amati sean-nós, kutanthauza kachitidwe kakale. Mumva "shhh" ikuyenda m'chipinda, ngakhale wogulitsa amasiya kugundanitsa matambula. Mawu simudzawamva tanthauzo, koma inu oimba Mvano mudzazindikira msanga mtundu wa nyimbo yake. Nthawi zina amatembenukira kwa mlendo n'kumupempha nyimbo ya kwawo. Akakupemphani, musakane, imbani ya Chichewa, ndime ziwiri zikwana. Asanakupempheni, musayambe.

Za mowa musadandaule nazo. Pub ya ku Ireland, makamaka kumudzi, si ngati bala ya pa tauni kwathu imene mayi wa mpingo akalowa mawa lake nkhani ili kwa abusa. Anthu amabwererako kuchokera ku maliro, ku ubatizo, ku mpira, ndipo masana mabanja amadyerako. Itanitsani tiyi, kapena madzi a blackcurrant, kapena chakumwa cha malalanje chotchedwa Club Orange. Oimba ambiri nawonso amamwa madzi chifukwa akuyendetsa galimoto. Chofunika n'chakuti mugule kanthu, poti pakhomo salipiritsa ndipo nyumbayo imadalira kauntala. Utsi wa fodya musauope: Ireland inaletsa kusuta m'malo onse antchito, ma pub omwe, mu Marichi 2004, dziko loyamba kutero.

Bambo akunyumba ngati amalawa, auzeni ziwiri. Guinness amaithira kawiri: amathira pafupifupi magawo atatu mwa anayi a tambula, amaisiya ikhazikike, kenaka amamaliza. Asaitenge ili pa kauntala isanamalizidwe, asekedwa. Chachiwiri ndi raundi. Munthu akakugulirani, ndi ngongole ya usiku womwewo, ngati chipereganyu. Kuchoka musanabweze n'kumene kumaipitsa mbiri. Ngati simukufuna kulowamo, kanani mwaulemu poyamba pomwe. Amaitanitsa ndi kulipira pa kauntala, musadikire weta.

Simunafunse, koma ndikudziwa kuti lili mumtima: kodi akatiyang'ana? Kumudzi, inde, pang'ono, kenaka funso limabwera lakuti mwachokera kuti. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti achikulire ambiri amaidziwa Malawi. Wina ali ndi msuweni amene anali wansembe wa gulu la amishonale la Kiltegan kumpoto kwa Malawi, wina azakhali ake anali sisitere wa Medical Missionaries of Mary, wina amakumbukira kabokosi ka Trócaire, bungwe lachikatolika lothandiza mayiko osauka, koponyamo makobidi nyengo ya Lenti. Macheza akayambira pamenepo sathera pafupi.

Nthawi: kumudzi session imayamba cha m'ma 9:30 usiku, ndipo ikalembedwa 9 koloko musaikhulupirire kwambiri, pamenepa tikufanana nawo. Ma pub wamba amasiya kugulitsa 11:30 kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, 12:30 Lachisanu ndi Loweruka, 11 koloko Lamulungu. Nyengo yozizira malo ena amaimba masiku ochepa pa sabata, choncho funsani kumene mwagona, kapena m'sitolo yogulitsa zida zoimbira, kuti lero kuli nyimbo kuti. Ngati tchuthi chanu chingasunthe, sabata yoyamba ya Julaye ku Miltown Malbay, ku Clare, kumakhala Willie Clancy Summer School, sabata yophunzira ndi kuimba nyimbo za makolo imene inayamba mu 1973, ndipo mu Ogasiti kumakhala Fleadh Cheoil, chikondwerero chachikulu cha nyimbo chimene chimasinthasintha matauni. Masiku amenewo nyimbo zimasefukira mpaka mumsewu, koma malo ogona amatha miyezi ingapo zisanachitike.

Musanagule tikiti ya ndege kapena ya sitima ya pamadzi yochokera ku Holyhead, ku Wales, yang'anani mapasipoti. Ireland si UK, siilinso mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya oyendera viza imodzi, ndipo chilolezo chanu chokhalira ku Leeds sichikulowetsani ku Dublin ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi. Pemphani viza nthawi ikadalipo. Ikachedwa, Belfast, ku Northern Ireland, ili mbali ya UK ndipo simufunika pepala lina: Kelly's Cellars ndi Madden's zili ndi session zenizeni, ndipo Crown Liquor Saloon, imene mwini wake ndi National Trust, bungwe losamalira malo akale, ili ndi ma snug okongola kuposa onse amene ndinawaonapo. Kulikonse kumene mupite, nyamulani jekete ya mvula, ambulera mphepo ya ku Clare imaithyola tsiku loyamba.