ESP-01 ikukana kuflashika? 5V musayike

Achimwene mwafunsa kuti ESP-01 yanu, ka bodi ka WiFi kaja, ikukana kulandira pulogalamu (kuflashika), Arduino IDE ikungolemba "Timed out waiting for packet header", ndiye mukufuna kusuntha jumper ya pa ka adaputa ka USB kupita pa 5V poganiza kuti ikuperewera mphamvu. Chonde musatero. Chip ya ESP8266 yomwe ili pa ka bodiko ndi ya 3.3V, malire ake ndi 3.6V, mukaipatsa 5V mwina ipsa pompo kapena iyenda masiku angapo kenako nkuyamba misala yosadziwika bwino, nde yachiwiriyo ndi yowawa kwambiri chifukwa mumakhalira kusaka vuto mu code pomwe chip inapita kale.

Koma zoti ikuperewera mphamvu mwina mwalasa, kungoti chikuperewera si ma volt, ndi current. Ma adaputa a USB okhala ndi chip ya FT232RL aja pa pin ya 3.3V amatulutsa 50mA basi, pomwe ESP ikayatsa WiFi imakoka ma mA mazana angapo mwadzidzidzi, nchifukwa chake a Espressif, omwe amapanga chipyi, amalangiza kuti gwero lake lizikwanitsa 500mA. Ndiye volteji imagwa, chip nkuzima nkuyakanso, kuflasha kumathera panjira. Ine ndikanakhala inu ndikanagula ka regulator (kotsitsa volteji) ka AMS1117-3.3, kotchipa ndithu, mukapatse 5V ya pa USB kapena ya chaja ya foni, katulutse 3.3V kupita ku ESP, muikeponso capacitor ya 100uF kapena kuposa pafupi penipeni ndi VCC ndi GND (ma pin a + ndi -) a ESP. GND ya adaputa, ya regulator ndi ya ESP zilumikizane zonse, apapa ndi pomwe ambiri amaiwala. Ndipo batire ya 18650 yochotsa mu laputopu yakale musalumikize chindunji, ikadzadza imakhala 4.2V. Kuidutsitsa pa AMS1117 sikuthandizanso kwenikweni poti iyeyo amadya pafupifupi 1V, batire ikangotsika pang'ono 3.3V sikwananso.

Palinso volteji ya ma signal, iyi ndi nkhani ina payokha. Chip mutha kuipatsa 3.3V yabwinobwino koma TX (pin yotumiza) ya adaputa ikutumiza 5V ku RX (pin yolandira) ya ESP. Jumper ikhale pa 3.3V, ndipo musangoikhulupirira, ma adaputa ena otchipawa jumper imangosintha pin ya VCC yokha, TX nkukhalabe 5V. Tengani multimeter muyeze TX ndi GND pomwe simukutumiza kanthu, imakhala pamwamba ndiye muona nambala yeniyeni. Ikakhala 5V ikani ma resistor awiri, 1k kuchoka ku TX kupita ku RX ya ESP, 2k kuchoka pa RX pomwepo kupita ku GND, mupeza 3.3V. Mbali inayo, TX ya ESP kupita ku RX ya adaputa, siifuna kanthu.

Kenako onani izi msangamsanga: pin ya GPIO0 ikhale pa GND panthawi yoyatsa kuti chip ilandire pulogalamu, CH_PD (pin yoyatsira chip) pa 3.3V, TX ndi RX zipingasane. Uthenga mwatumizawo nthawi zambiri wolakwa amakhala GPIO0 ameneyu.

Za 12V zomwe mwati wina anakuuzani kuti chip siflashika popanda, sananame koma amanena ma chip ena. Ma chip akale a PIC ngati PIC16F84A ndi PIC16F877A amafuna pafupifupi 13V pa pin ya reset yotchedwa MCLR kuti alowe mu programming mode, ndipo imatulutsa ndi programmer yokha ngati PICkit, si inu kutenga adaputa ya 12V nkuthira pa VDD (pin yolandira magetsi) ayi, VDD imakhalabe 5V. Ma PIC atsopanoko ngati a PIC16F1 aja volteji yake ya pa MCLR (Vpp) ndi 8V mpaka 9V basi, ndiye programmer yakale yopanga nokha itha kuwapha. ATmega328P ya pa Arduino Uno imaflashika pa volteji yomwe ikuyendera, 12V pa RESET imafunika pokhapokha ngati mwasokoneza ma fuse (ma setting a mkati mwa chip), monga kutseka RESET yeniyeniyo. ATmega328P imalola 1.8V mpaka 5.5V koma liwiro limatengera volteji, nchifukwa chake Arduino Pro Mini ya 3.3V imayenda pa 8MHz osati 16MHz. ESP ilibe zonsezo, palibe pin iliyonse yofuna 12V.

Kunena zoona ngati simunagule zambiri, ESP-01 ndi yotopetsa poyambira. Pezani NodeMCU kapena Wemos D1 mini, regulator ndi chip ya USB zili pa bodi pomwepo, GPIO0 imadzikokera yokha ku GND, mumangobaya chingwe basi. Chingwecho chikhale cha data osati zongochajira zija. Koma poti ESP-01 muli nayo kale, yambani mwayeza VCC pomwe mukuflasha, mutiuze nambala yomwe multimeter ikuonetsa, mujambulenso adaputayo mbali zonse tione chip yake.